ANAGWIRA CHIONGOLERO NDANI?



Pali dandaulo limene limamveka pa maliro a munthu wogundidwa ndi galimoto, kuyambira ku Jenda ndi ku Nkhamenya kufikira ku Chimbiya ndi ku Lizulu. Anthu amati: "Munthu uja anali chiledzerere, mudzi wonse unamuona, koma taonani lero ali kuyendanso ndi lole yake yomwe ija. Khoti lagulidwa." Mau amenewa amakoma kunena, pakuti amasenzetsa tchimo lonse majisitireti amene ali kutali ku boma, ife nkutsala oyera m'manja. Sitikana kuti ziphuphu ziripo. Ziripo ndithu. Koma lero tifuna kunena chinthu chimene ambiri a inu simudzakondwa nacho. Mlandu wa dalaivala woledzera kawirikawiri sufera m'thumba la woweruza iai. Umafera pa malo a ngozi pomwepo, m'kamwa mwa ife amene tinaona ndi maso athu, koma tsiku la mlandu litafika tinati tinali kumunda.

Tiyambe ndi lamulo lenilenilo, chifukwa munthu wosadziwa lamulo amangokalipira mphepo. Lamulo la pamseu la dziko lino, Road Traffic Act la chaka cha 1997, pa ndime 128 liletsa munthu kuyendetsa galimoto pa mseu wa anthu onse ataledzera mowa kapena mankhwala ozunguza mutu. Liletsanso woledzera kukhala pa mpando wa dalaivala injini iri kulira, ngakhale matayala asanagudubuke. Ndipo pali mlingo wake: mowa ukafika magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi, munthuyo walakwa, ngakhale aziyenda moongoka ngati msilikali pa perete. Tsono mlandu wotere uli ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba ndi wakuti munthuyo anali woledzera. Wachiwiri ndi wakuti munthu yemweyo, osati wina, ndiye anali pa chiongolero pa nthawi imeneyo. Munthu woledzera amene waima pambali pa lole yake sanaphwanye ndime 128, ngakhale akhale wonunkha ngati mtsuko wotchezera kachasu. Boma liyenera kuimika miyendo yonse iwiri, ndipo ndime 187 ya lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni, Criminal Procedure and Evidence Code, ipereka udindo wotsimikiza mlandu kwa Boma, kufikira woweruza asatsale ndi chikaiko chomveka. Woimbidwa mlandu sakakamizidwa kutsimikiza kuti ali wosalakwa. Mwendo umodzi ukathyoka, mlandu wagwa.

Wina asati nkhaniyi ndi yaing'ono. Mu 2019 madokotala anapima anthu achikulire obwera ndi mabala a ngozi za pamseu pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, oyenda pansi ndi oyendetsa omwe, napeza mowa mwa munthu mmodzi pa anai alionse, kapena pafupi pamenepo.

Mwendo woyamba uli ndi mdani wake, ndiye nthawi. Chiwindi cha munthu chimachotsa mowa m'magazi pang'onopang'ono, pafupifupi 0.015 pa ola lirilonse. Werengani nokha. Dalaivala amene anagunda mwana ali ndi 0.11 m'magazi, mukampima patapita maola atatu mudzapeza 0.065, ndiko kuti pansi pa mlingo. Akagona kuthengo usiku wonse, nkudzipereka ku polisi m'mawa atasamba ndi kumwa tiyi, makina sadzapeza kanthu. Madalaivala okonda mowa amazidziwa zimenezi kuposa ife.

Nanga chifukwa chothawira amampatsa ndani? Ndife. Ngozi ikangochitika anyamata amatola miyala, wina athamangira petulo, wina machesi. Lamulo limafuna kuti dalaivala aime pa malo a ngozi ndi kukanena ku polisi. Koma iye akathawa khamu la anthu a zibonga, adzauza woweruza kuti anathawitsa moyo wake, ndipo woweruza adzamvetsa, pakuti nkhani za anthu otenthedwa amoyo ndi khamu amaziwerenga m'nyuzi monga ife tomwe. Mwala umene munaponya unamgulira woledzerayo usiku wathunthu woti mowa umthere m'thupi. Mukatentha galimoto, mwatentha umboni: mabotolo a pansi pa mpando, magazi a pa chiongolero, zonse zasanduka phulusa. Pamwamba pake, amene adzagone m'chitokosi ndi mwana wanu wotenthayo. Mkwiyo wotere ndi mphatso kwa wolakwa.

Pali chinyengo china chimene muyenera kuchidziwa. Dalaivala wochenjera akatuluka m'galimoto amapita pa golosale yapafupi, nagula botolo, namwa pamaso pa anthu onse. Pambuyo pake adzati, "Ndinamwa ngozi itachitika kale, kuti mtima ukhale pansi, poyendetsa ndinali bwino." Maiko ena anatseka khomo limeneli. Ku South Africa, ndime 61 ya lamulo lao la pamseu la 1996 iletsa dalaivala kumwa mowa pambuyo pa ngozi asanakanene ku polisi. Ku Britain, amene adzikanira motere ndiye ayenera kutsimikiza yekha kuti mowa wa pambuyowo ndiwo unamkweza kupyola mlingo. Koma kulikonse, chimene chimaphwanya bodza limeneli ndi mboni imene inamuona akutuluka dzandidzandi asanakhudze botolo, ndiponso mai wogulitsa mowa amene anamthirira kuyambira masana.

Tsono tifike pa mwendo wachiwiri, umene umathyoka kawirikawiri, ndipo pamenepa tikhalitsa. Tiyerekeze tsiku la msika, dzuwa litapendeka. Lole ya mwini chigayo ichoka pa malo omwera mowa. M'katimo muli anthu atatu: bwana mwini wake, mlamu wake, ndi mnyamata wokweza matumba amene ali ndi laisensi koma sakumwa chifukwa cha mpingo wake. Asanapite patali lole igunda mai wosenza nkhuni, nikagwera m'ngalande. Polisi iri kutali, apolisi afika kutada. Apeza chiani? Apeza lole m'ngalande, mtembo wofunditsidwa chitenje, ndi amuna atatu ataima pambali. Awiri ali kununkha mowa, mmodzi ali bwinobwino. Wapolisi afunsa, "Amayendetsa ndani?" Mnyamata uja ayang'ana pansi nati, "Ndine, bwana."

Wapolisi sanaione ngoziyo. Makina opimira mpweya, ngakhale akhale atsopano ochokera m'bokosi, anganene kuti bwana uja waledzera, koma sanganene kuti anakhala mpando uti. Dokotala angapime magazi, koma magazi satchula chiongolero. Anthu okha amene adziwa ndi amai ogulitsa tomato m'mbali mwa mseu, wakabaza amene anadzambatuka kuthawira m'tchire, ndi mbusa wa ng'ombe amene anali pa chulu. Wapolisi atembenukira khamu nafunsa amene anaona. Anthu makumi asanu ali pomwepo, onse ali chete. Wina aopa chifukwa amagayitsa pa chigayo chomwecho. Wina ali ndi ngongole ya feteleza kwa bwanayo. Wina ndi wa mpingo umodzi naye. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mawa lake pa siwa anthu omwewo adzalongosola zonse, mpaka mtundu wa malaya amene bwana anavala potuluka pa chitseko cha kumanja. Pa siwa alipo mboni makumi asanu, ku khoti kulibe ndi mmodzi yemwe.

Mwina mlongo wa womwalirayo adzalimba mtima napita ku khoti. Adzamfunsa, "Kodi munaona ndi maso anu?" Iye adzati, "Iai, koma mudzi wonse uli kunena." Woweruza sadzalemba mau amenewo ngati umboni, ndipo adzachita bwino kusalemba. Khoti limalandira zimene munthu anaona, anamva ndi makutu ake kwa woimbidwa mlanduyo, kapena ananunkhiza ndi mphuno yake. Za "akuti" ndi "ndinamva" sizilowa. Makolo athu analidziwa lamulo limeneli kalekale pamene anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Musaganize kuti umboni ndi wa yekhayo amene anaona galimoto iri kugunda. Tizinthu tating'ono tikalumikizana timamanga munthu. Amene anaona bwana akukwera pa mpando wa dalaivala pochoka pa mowa paja, ali ndi umboni. Amene anaona wotuluka pa chitseko cha kumanja, kumene kuli chiongolero, ali ndi umboni. Amene anaona makiyi akuchoka m'thumba la bwana kupita m'manja mwa mnyamata, ali ndi umboni waukuru. Chiongolero chimasiya chizindikiro pa chifuwa cha amene anachigwira, ndipo galasi losweka limasiya bala pa mphumi. Dokotala akauzidwa msanga angathe kuziona. Mpando wa dalaivala umakankhidwa monga mwa msinkhu wa woyendetsa, tsono ngati mnyamata ali wamfupi ndipo mpando uli kumbuyo kwenikweni, mpandowo uli kulankhula. Mau oyamba amene munthu anafuula potuluka, asanaganize zabodza, monga "Mayo, sindinamuone!", amene anawamva ndi makutu ake akawanene. Ndipo masiku ano pa msika uliwonse pali mafoni ojambula. Anyamata athu amajambula mtembo nkutumiza pa WhatsApp kuti adzidzimutse anzao, chinthu chamanyazi. Bwanji osajambula nambala ya galimoto, mpando, mabotolo, ndi nkhope ya wotuluka kumanja, nkupereka kwa apolisi foni iri yosafufutidwa?

Kwa inu anyamata amene mumavomera mlandu wa mabwana anu tiri ndi mau awiri. Bwana adzakulonjezani kuti adzalipira chindapusa, adzasamala akazi anu ndi ana, ndipo nkhani idzatha sabata yomweyo. Koma pamene pafa munthu mlandu suli wa chindapusa cha pamseu. Udzakhala mlandu wopha munthu poyendetsa mosasamala, pa ndime 126, ndipo kumapeto kwake kungakhale ndende. Laisensi imene munaivutikira iri pa ngozi, dzina lanu lidzalembedwa m'buku la olakwa, ndipo thumba la ufa la kwa bwana lidzafika mwezi woyamba ndi wachiwiri, wachitatu zii. Mukalumbira m'khoti ndi kunena bodza, umenewonso ndi mlandu wina pa inu nokha. Ngati mwakodwa kale mu msampha wotere, funsani za Legal Aid Bureau, ofesi ya Boma ya maloya othandiza anthu opanda ndalama, ndipo mukanene zoona mlandu usanapite patali.

Tidziwa kuti ena pakati pathu ali kung'ung'udza. Amati: "Zonsezi ndi nzeru za maloya. Munthu wodziwika ndi dziko lonse kuti ndi chidakwa afuniranji mboni? Angomtsekera basi." Abale, dziko lino linayendapo kale njira imeneyo, ndipo akuru amene ali pakati panu aikumbukira. Mu 1969, pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mu Blantyre, High Court inamasula anthu oimbidwa mlandu chifukwa umboni unaperewera. Mkwiyo unali waukuru, monga momwe ulili wanu lero. Boma la Dr Banda linasintha lamulo chaka chomwecho, nilipereka milandu ikuruikuru ku makhoti ochedwa Traditional Courts, kumene loya sanali kuloledwa kuimira munthu, ndipo malamulo a umboni sanali kutsatidwa monga ku High Court. Poyamba ambiri anaomba m'manja. Koma khoti losafuna umboni silisankha nyama. Mu 1983 khoti lotere linagamula kuti a Orton Chirwa, amene anali nduna ya zachilungamo ya dziko lino, aphedwe pamodzi ndi akazi ao a Vera Chirwa. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo a Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ngati loya wophunzira ku London sanathe kudziteteza pa bwalo lopanda umboni, nanga wakabaza wa kwathu kuno adzatani? Tsiku limene khoti lidzayamba kumanga anthu chifukwa cha "aliyense adziwa", woyamba kulowa sadzakhala mwini chigayo. Adzakhala mnyamata wokweza matumba, pakuti mwini chigayo ali nazo ndalama zogulira "aliyense" ameneyo. Lamulo lofuna umboni ndi chishango cha wosauka. Chimene chasowa si lamulo latsopano, koma mboni.

Apolisi naonso asaganize kuti tawaiwala. Wakabaza wa njinga yamoto akaimitsidwa pa mseu, wapolisi amangonunkhiza nkulanda makiyi, ndipo nkhani imathera kuseri kwa mtengo popanda lisiti. Fungo la mowa linganene kuti munthu wamwa, koma silinena kuti wamwa wochuluka bwanji. Ngati waledzeradi, kumlanda ndalama ndi kumbwezera makiyi ndiko kumtuma kuti akaphe munthu patsogolo. Ngati sanaledzere, kumeneko ndi kuba. Njira zonse ziwiri ndi zoipa. Malamulo Akuru a dziko lino a 1994, pa ndime 42, apatsa womangidwa aliyense ufulu wouzidwa chifukwa chimene wamangidwira m'chinenero chimene amamva, ufulu wokhala chete, ufulu wosakakamizidwa kuvomera mlandu, ndi ufulu woonekera ku khoti asanathe maola 48. Ndipo ndime 176 ya lamulo la umboni lija inena kuti mau ovomera mlandu khoti lisawasamale pokhapokha litakhutira kuti munthuyo anawanenadi ndipo ali oona. Chotero wapolisi amene wamva "Ndine, bwana" nkutseka buku lake sanagwire nchito. Anayenera kuyang'ana mpando, kuyang'ana zifuwa za amuna onse atatu, kupima onse atatu, ndi kufunsa mboni mmodzimmodzi pambali, kutali ndi maso a bwana. Ndani angalankhule zoona mwini ngongole ataima pamaso pake?

Makina opimira mpweya tiwafuna, ndipo tiwafuna pa polisi za kumidzi, osati m'mizinda mokha pa nyengo ya Khirisimasi. Mphamvu yake iri yodziwika. Ku Britain, mai Barbara Castle ali nduna ya zamtengatenga anabweretsa makina amenewa ndi mlingo wa 0.08 mu 1967. Madalaivala anamtukwana kwambiri, koma m'chaka choyamba imfa za pamseu zinatsika ndi anthu oposa 1,000. Komabe makina ndi mboni monga mboni zina, ayenera kufunsidwa. Mu 2011 High Court ya ku Cape Town inakana umboni wa makina a Dräger chifukwa Boma silinathe kuonetsa kuti anali kusamalidwa ndi kugwiritsidwa nchito moyenera. Woimbidwa mlandu anamasulidwa, makinawo anaikidwa pambali, ndipo anabwereranso m'chigawo chimenecho mu 2016 atakonza zolakwikazo. Makina osayesedwa, m'manja mwa wapolisi wosaphunzitsidwa, amamasula olakwa ndi kumanga osalakwa.

Pali munthu mmodzi amene nthawi zonse amadziwa woyendetsa, ndiye mwini galimoto. Makiyi sauluka okha. Ku South Africa ndime 73 ya lamulo la 1996 lija inena kuti pamene pafunika kudziwa woyendetsa, khoti lidzatenga kuti mwini galimoto ndiye anayendetsa, pokhapokha pakhale umboni wotsutsa. Inu amene muli ndi ana ku Joni, auzeni zimenezi, pakuti kumeneko achinyamata athu amabwerekana magalimoto ngati makasu, ndipo wina amagulitsa galimoto osasintha dzina pa mapepala. Auzeninso kuti mlingo wa kumeneko ndi wotsika kuposa wathu, 0.05 kwa anthu wamba ndi 0.02 kwa oyendetsa mabasi, matekisi ndi malole. Ku Britain anatenga njira ina: ndime 172 ya lamulo lao la 1988 ikakamiza mwini galimoto kutchula amene anayendetsa, ndipo kukana ndi mlandu paokha. Lamulo limeneli linayesedwa kolimba. Mu 1999 ku Dunfermline, m'dziko la Scotland, apolisi anaitanidwa usiku ku sitolo ina chifukwa cha mai woganiziridwa kuti waba botolo la mowa. Anali kununkha mowa. Palibe wapolisi anamuona ali kuyendetsa, koma galimoto yake inali panja. Atamfunsa mwa mphamvu ya ndime imeneyo, anavomera kuti anabwera ali kuyendetsa yekha, ndipo makina anaonetsa kuti wapyola mlingo. Maloya ake anati kumkakamiza kuyankha kunaphwanya ufulu wake wokhala chete, ndipo khoti lalikuru la Scotland linawavomereza. Koma mu December 2000 oweruza a Privy Council ku London anatembenuza chigamulocho. Iwo anaona kuti funsolo ndi limodzi lokha, laling'ono, ndipo munthu amene wasankha kukhala ndi galimoto, chinthu chokhoza kupha, walandiranso udindo woyankha za galimotoyo.

Taonani mmene anthu amenewo anavutikira ndi funso limodzi lomweli, mpaka kukafika ku makhoti apamwamba. Sanati "aliyense adziwa". Anafuna njira yopezera umboni popanda mbama. Ifenso tinene kwa eni malole, eni maminibasi ndi eni njinga zamoto za kabaza a m'dera lathu, ena a iwo mamembala athu okhala pa mipando ya kutsogolo pa misonkhano: mukapatsa makiyi munthu amene mwamuona ali kumwa, kapena mukabisa dzina lake pambuyo pa ngozi, dzanja lanu liri pa chiongolero pamodzi ndi lake.

Tsopano nkhani ya bokosi. Ngozi ikachitika, m'mawa mwake pamabwera nthumwi ya bwana ndi bokosi la maliro, matumba awiri a chimanga, mbuzi, ndi envulopu. Akhala pansi ndi mwini mbumba pamaso pa a Nyakwawa, napepesa mwaulemu wonse. Kupepesa ndi mwambo wathu wabwino, ndipo banja losauka limene lalandira bokosi silinachimwe. Maliro sadikira khoti. Choipa ndi mau amene amabwera pambuyo pa envulopu: "Tsono nkhaniyi ithere pompano, zisapite kutali." Mwini mbumba avomera, a Nyakwawa auza anthu ao kuti nkhani yatha, ndipo amene anafuna kuchitira umboni aoneka ngati wokonda ndeu, wofukula maliro a eni ake. A Nyakwawa ndi a Gulupu, tinena mwaulemu: mlandu umenewu si wanu kuti muuthetse, ndipo si wa mwini mbumba kuti augulitse. Pa mapepala a khoti umalembedwa kuti Republic, ndiko kuti dziko lonse, ndilo liri kumzenga munthuyo. Chifukwa chake nchoonekeratu. Womwalirayo wapita, koma dalaivala adakali ndi makiyi, ndipo mseu womwewo ndiwo ana a sukulu a mudzi wotsatira amaoloka m'mawa uliwonse. Mudzi umene walandira mbuzi wagulitsa mwana wa mudzi wina.

Ndipo ngakhale pa ndalama pokha, banjalo limanyengedwa. Galimoto iriyonse yoyenda pa mseu imalamulidwa kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu amene yawapweteka, ndipo a inshuwalansi amafuna lipoti la polisi asanalipire. Banja limene lavomera kuti "zisapite kutali" limataya njira imeneyo chifukwa cha matumba awiri a chimanga amene adzatha mvula isanagwe. Ana amasiye adzafuna fizi kwa zaka khumi. Bwana amadziwa kuwerengera kumeneku, nchifukwa chake nthumwi yake imalawira m'mamawa.

Sitinena kuti kukhala mboni ndi kopepuka. Khoti liri ku boma, ulendo wake ndi wa ndalama. Munthu amasiya munda pa nyengo yopalira, nakhala pa benchi tsiku lonse, madzulo nkumuuza kuti mlandu waimitsidwa, abwerenso mwezi wamawa. Akapita kawiri katatu amatopa, ndipo loya wa bwana amadikira kutopa komweko. Pobwerera kumudzi akumana ndi abale a bwana pa mjigo. Mai mmodzi wogulitsa tomato sangasenze zonsezi yekha, ndipo nkulakwa kumnyoza ife titakhala pa mthunzi. Apa ndipo nthambi iyenera kuonetsa nchito yake. Timasonkha ndalama za maliro mosanyinyirika. Tingalephere bwanji kusonkha ya basi ya mboni? Mboni ikapita ku polisi kapena ku khoti, mamembala awiri atsagane nayo, ndipo ena akaipalirire munda tsiku limenelo. Wina akaiopseza, komiti yonse ipite ku polisi kukanena, pakuti kuopseza mboni ndi mlandu. Koma nthambi isaphunzitse mboni zonena. Amene anaona pang'ono anene pang'ono pomwepo. Mboni imodzi yokometsera nkhani imaononga umboni wa anzake anai, chifukwa loya akaigwira bodza limodzi, woweruza ayamba kukaikira zonse.

Chotero pa msonkhano wotsatira wa nthambi iriyonse, a Wapampando aike nkhani iyi poyamba, isanafike ya makadi ndi ya zopereka. Mlembi agule kope limodzi losungidwa pafupi ndi mseu, lolembamo tsiku, nthawi, nambala ya galimoto, wotuluka pa chitseko cha kumanja, ndi maina a amene anaona, zonse zilembedwe tsiku lomwelo anthu asanayambe kuuzana. Pasankhidwe anthu atatu a mafoni amene adzakhala ndi nambala ya polisi yapafupi, ndi akuru awiri olemekezeka amene nchito yao idzakhala kuima pakati pa dalaivala ndi anyamata a miyala kufikira apolisi atafika. Eni magalimoto ndi akabaza a m'dera lanu aitanidwe ku msonkhanowo, a Nyakwawa apemphedwe kukhalapo, ndipo amai ogulitsa m'mbali mwa mseu apatsidwe malo a kutsogolo.